Dzira nalonso limapuma

Dzira limapuma! Ndazidziwa chaka chino, nditayamba kufungatiritsa mazira a nkhuku zakumudzi mu inkyubeta kuno ku Nangongwe, ndipo ntchitoyi yandilowa m'magazi. Chigoba chimene timangophwanya pa mbale chili ndi timabowo zikwizikwi, tolowetsa mpweya ndi kutulutsa madzi. Pofika tsiku la 18, dzira labwino limakhala litapepuka ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 alionse. Madzi otulukawo amasiya kampata kumutu kwakukulu kwa dzira, komwe mwanapiye amayambira kupuma asanaboole chigoba.

Anandionetsa zimenezi ndi mayi wina wachikulire wa pafupi nafe. Kutada, anaunika dzira ndi tochi n'kunena kuti, "Taona kampata aka, mwana wanga. Kakamachedwa kukula, madzi achuluka m'makinamo. Kakakula msanga, onjezera madzi." Ndinaona timitsempha tofiira ndi kanthu kakuda kakugwedezeka mkatimo. Tulo sindinatione.

Kutentha sikuvuta kwenikweni, makina amakusunga pa madigiri 37.5. Luso lagona pa chinyezi. Masiku 18 oyamba chimafunika 50 mpaka 55 peresenti. Masiku atatu otsiriza timasiya kutembenuza mazira, chinyezi n'kuchikweza kufika 65 kapena 70, chitseko osatsegulatsegula. Mphepo youma ikalowa, kachikopa ka mkati mwa dzira kamauma n'kumamatira mwanapiye, iye n'kulephera kutuluka. Chinyezi chikapyola muyeso kuyambira pachiyambi, mwanapiye amakula bwinobwino koma n'kufera m'chigoba posowa popumira.

Chinandisangalatsa koposa n'chakuti nyengo ya kuno ku Kafue imalowa nawo m'bokosimo. Mu Okutobala, ngakhale mtsinje wa Kafue uli pafupi, mpweya umakhala wouma gwa, ndipo madzi a m'thireyi ya m'makinamo sachedwa kuphwa. Mvula ikakhazikika mu Januwale, madzi ochepa amakwana. Komanso chokweza chinyezi si kuya kwa madzi ayi, koma kutambasuka kwake: mbale yophwatalala kapena kansalu konyowa zimaposa kapu yodzaza. Malaiti akapita timafunditsa bulangete, koma timabowo ta mpweya osatseka.

Pa tsiku la 21 anapiye anaswa, onyowa ndi otopa, ndipo ataumira m'makinamo anayamba kuyenda. Tsopano ndikudikira dzinja, pamene nkhanga zimaikira. Mazira ake ndi a chigoba cholimba, amatenga masiku 26 mpaka 28, ndipo ndikufunitsitsa kuphunzira kusamala chinyezi chawo mkati mwa mvula.