Seva Ifunse Kaye: Ndinu Ndani?

Ntchito yanga ndi yoyesa chitetezo cha mapulogalamu a pa intaneti. Kampani ikamanga webusayiti yofunsirapo ngongole, yofunsirapo ntchito kapena yolembetsera ophunzira, imandiitana kuti ndiyese kulowa monga angalowere wakuba, kenaka ndilembe zomwe ndapeza kuti zikonzedwe. Sindikhudza kanthu ndisanalandire kalata ya chilolezo yosainidwa ndi eni ake, chifukwa kuno ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'kompyuta ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu. Kalatayo ikangofika, ndimathamangira pamalo paja pamene pamalembedwa kuti "kwezani fayilo yanu apa".

Ndimayambira pamenepo chifukwa ndi pomwe mlendo amaloledwa kusiya katundu wake mkati mwa seva. Masiku ano aliyense akukweza chinachake: chithunzi cha chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, kalata ya kwa bwana, zikalata za kuchipatala. Anzanga olemba mapulogalamu amasamala ndithu za kukula kwa fayilo, amaonetsetsanso ngati ili PDF kapena JPG. Chimene chimawapita ndi funso lalifupi: kodi akutumizayu ndi ndani, nanga ali ndi ufulu woika chinthu pamalo amenewa?

Kayesedwe kake kali motere. Ndimapempha maakaunti awiri a anthu wamba ndi imodzi ya woyang'anira. Ndimatsegula Burp Suite, pulogalamu yomwe imakhala pakati pa browser ndi seva n'kumandionetsa uthenga uliwonse wodutsa. Ndikakweza chithunzi ndi akaunti yoyamba, uthengawo ndimaugwira n'kuuika mu Repeater, momwe ndimatha kuusintha ndi kuutumizanso momwe ndafunira. Poyamba ndimafufuta mzere wa cookie, womwe ndi umboni woti ndinalowa ndi pasiwedi, n'kutumiza. Seva yolongosoka iyenera kundikana ndi 401 kapena 403, kapena kundibweza kutsamba lolowera. Kachiwiri ndimabwezeretsa cookie koma ndimasintha nambala ya mwini fayilo: pomwe panali 1045 ndimalembapo 1046, ya akaunti yachiwiri ija. Kachitatu ndimatenga adiresi yomwe woyang'anira amakwezerapo mafayilo n'kuitumizira uthenga ndi cookie ya munthu wamba. Pa zitatuzi, seva ikayankha 200 paliponse ndipo fayilo n'kupezekadi mkati, ndiye kuti vuto lilipo.

Ndikawaonetsa eni pulogalamu, yankho lomwe ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Komatu batanilo munthu wamba saliona." Zoona, saliona. Koma kubisa batani kuli ngati kupachika chitenje pakhomo lopanda chitseko: odutsa saona zamkati, koma wofuna kulowa amangokankha nsaluyo. Wakuba sadina batani ayi. Amalemba uthenga wake n'kuutumiza molunjika ku adiresi, ndipo adiresiyo nthawi zambiri imakhala yolembedwa poyera mu JavaScript yomwe browser ya aliyense imatsitsa. Chilichonse chochitika pafoni kapena pakompyuta ya mlendo chili m'manja mwa mlendoyo. Kufunsa kwenikweni kuyenera kuchitikira ku seva.

Vutoli silibwera chifukwa cha ulesi wokha. Gawo lokwezera mafayilo nthawi zambiri limakhala lobwereka, lolembedwa ndi anthu ena, ndipo limamatidwa pambali pa pulogalamu, kunja kwa njira yomwe masamba ena onse amadutsa kuti afunsidwe chilolezo. Mu WordPress, pulogalamu yomangira mawebusayiti, mulinso msampha womwe wakola ambiri. Muli function yotchedwa is_admin(), yomwe wolemba wachangu amaganiza kuti ikutsimikiza zoti munthuyo ndi woyang'anira, pomwe iyo imangoona ngati uthenga walunjika kugawo la oyang'anira. Yofunsa za ufulu wa munthu ndi current_user_can(). Ena amaika kachizindikiro kachinsinsi kotchedwa nonce n'kupumira m'mwamba, koma nonce imangoteteza kuti munthu asapusitsidwe kutumiza uthenga womwe sanafune; siyankha ngati munthuyo ndi wololedwa.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba ndi chachete: munthu amasintha chikalata cha mnzake, chiphaso cha wina n'kukhala pa ngongole ya wina, popanda wodziwa kufikira tsiku lobweza. Chachiwiri ndi choopsa kwambiri. Ngati seva imathanso kuyendetsa fayilo yokwezedwayo, wakuba amaikamo kafayilo ka PHP kapena JSP ka mizere yowerengeka, komwe pantchito timakatcha web shell. Kuyambira pamenepo amalamula seva ali kwawo, amakopera database yonse, ndipo kusintha mapasiwedi sikumutulutsa.

Izi zachitikira ngakhale akuluakulu. Mu Seputembala 2020 zinadziwika kuti File Manager, plugin ya WordPress yomwe inali pa mawebusayiti oposa 700,000, inasiya fayilo yachitsanzo ya elFinder yotchedwa connector.minimal.php ikugwira ntchito popanda kufunsa aliyense. Munthu wopanda ngakhale akaunti ankatha kukweza PHP, ndipo akuba anali atayamba kale kuchita zimenezo vutolo lisanatsekedwe mu version 6.9. Mu Febuluwale 2021 VMware inakonza vuto lofanana nalo mu vCenter, pa adiresi yothera ndi uploadova. Mu Epulo 2025 inali nthawi ya SAP, kampani ya ku Germany yomwe mapulogalamu ake amasunga mabuku a ndalama a makampani akuluakulu ndi maboma. Mu NetWeaver Visual Composer, adiresi ya /developmentserver/metadatauploader inkalandira mafayilo osafunsa chilolezo. Kampani ya ReliaQuest inapeza ma web shell a mayina ngati helper.jsp ndi cache.jsp m'maseva a makasitomala ake, ndipo vutolo, CVE-2025-31324, linapatsidwa 10 pa 10 pa sikelo ya kuopsa ya CVSS. N'chifukwa chake sindidabwa kuti bungwe la OWASP, pa mndandanda wake wa 2021 wa zoopsa khumi za mapulogalamu a pa intaneti, linakweza vuto la kusayang'anira zilolezo kuchoka pa nambala 5 kufika pa nambala 1.

Mu lipoti langa ndimalemba zinthu zomwe wolemba mapulogalamu aliyense angachite sabata yomweyo. Seva ikane chilichonse pokhapokha lamulo lolola litalembedwa momveka. Ifunse mafunso atatu isanalembe kalikonse pa disk: ndinu ndani, kodi udindo wanu umalola kukweza fayilo, nanga malo mukuikapowa ndi anu? Nambala ya mwini fayilo ichokere mu session yomwe seva imasunga yokha, osati mu uthenga womwe mlendo watumiza. Fayilo ipatsidwe dzina latsopano losalosereka, isungidwe kunja kwa foda yomwe seva imayendetsamo code, ndipo wofuna kuitsitsa afunsidwenso mafunso omwewo. Mafayilo achitsanzo ndi ma plugin osagwiritsidwa ntchito achotsedwe. Pomaliza, palembedwe mayeso odziyendera okha, otumiza fayilo popanda cookie komanso ndi akaunti ya munthu wina, oti azilira nthawi iliyonse seva ikavomera.

Ntchitoyi ndimaikonda chifukwa ndimadziwa eni mafayilo amenewa. Ndi mayi amene anajambulitsa chiphaso chake kwa mnyamata wa pashopu kuti apeze mpamba wa geni, ndi wophunzira amene anagula bandulo ya tsiku limodzi kuti atumize satifiketi yake. Iwo sangathe kuona zomwe seva ikuchita; amangotikhulupirira. Inu amene mukulipira kuti akumangireni webusayiti, musanailandire muuzeni wokumangiraniyo akuonetseni ndi maso zomwe zimachitika fayilo ikatumizidwa popanda kulowa, ndiponso ikatumizidwa m'dzina la munthu wina. Ndipo inu anzanga olemba mapulogalamu, tsegulani code yanu lero, pezani paliponse pamene pamalandira fayilo, ndipo muwerenge mzere womwe umafunsa chilolezo. Mukaupeza mulibe, ulembeni musanagwire ntchito ina.