Msonkhano wotsatira ukachitikire ku Chirunga

Ofesi ikangoti kuli msonkhano, maganizo amathamangira ku Mangochi kapena ku Salima: hotela, kamphepo ka kunyanja, chambo cha masana. Koma ine amene ndinaphunzira ku Zomba ndimadabwa kuti okonza misonkhano amaiwaliranji ku Chirunga.

Chanco inasamukira kuno mu 1973 kuchokera ku Chichiri, ndipo kuyambira mu 2021, MUBAS ndi KUHeS zitaima pazokha, ndi iyo inatsala ndi dzina la University of Malawi. Pamalopa pali Great Hall, holo yomwe timalandiriramo madigiri makolo akululutira. Pali Little Theatre ya anthu ocheperapo, komanso zipinda zophunzirira zoti nthumwi zikambirane m'magulu. Ukatuluka panja, phiri la Zomba lili poteropo, nkhungu itakuta pamwamba.

Ndimakondanso kuti zokambirana zikatha simusowa kolowera. Mutha kukwera phiri kukaona damu la Mulunguzi, kugula zipatso m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe, kapena kuzungulira nyumba zakale za boma, paja Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975. Kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zochepa basi.

Mufike nthawi ya holide mudzaone. Ophunzira akapita kwawo pamakhala zii. Ku Chikanda amayi a mandasi, anyamata a chiwaya ndi akabaza amangoyang'ana kumsewu. Msonkhano wa masiku atatu ungabweretse ndalama kusukulu, nawonso n'kupezako ya ndiwo.

Komatu malo abwino sadzitsatsa okha. Wokonza msonkhano masiku ano amayamba wafufuza pafoni. Akufuna zithunzi za holo, chiwerengero cha mipando, mtengo wa tsiku limodzi, ndi munthu woyankha WhatsApp msanga. Afunsanso kuti: magetsi akazima jenereta ilipo? Intaneti ikwanira tonse? Chakudya aphika ndani? Nanga wa panjinga ya olumala alowera pati? Sukulu iliyonse ya ukachenjede yofuna alendo iziika mayankhowa poyera, osati munthu achite kuyendera maofesi.

Tsono inu amene bwana wakupatsani ntchito yopeza malo, musanaimbire hotela yambani mwafunsa kalendala ya sukulu. Masiku a mayeso ndi a graduation holo imakhala ndi eni ake, koma holide ikafika, kafunseni mtengo muyerekeze nokha.