Kalata kwa Mphwanga: Mmene Anthu a ku Madisi Akhala Akukumbukirira Omwalira

Madisi,
Dowa.

Wokondedwa mphwanga,

Mwambo wokumbukira anthu omwalira kumene, kuyambira kwa Chakhaza mpaka kumapiri a ku Ntchisi, ndi wakale kuposa tchalitchi, sukulu ndi msewu wa M1. Chiliza cha simenti, pepala la mbiri ya malemu ndi chithunzi choyenda pa WhatsApp zabwera posachedwapa. Zinapeza Achewa ali kale ndi dongosolo lawo, ndipo maziko a dongosololo anali akuti munthu salilidwa kamodzi. Pali tsiku loika thupi m'manda, pali tsiku lina, patapita miyezi, losonkhananso chifukwa cha munthu yemweyo.

Kale munthu akatsirizika, palibe ankaloledwa kubuma maliro mfumu isanamve. Mwini mbumba, amene nthawi zambiri anali malume, ankapita kwa nyakwawa kukapereka uthenga, ndipo nyakwawayo ndiyo inkatuma anyamata kumidzi yoyandikana ndi kuitana adzukulu. Adzukulu ankasambitsa thupi, kulikulunga mumphasa, kukumba manda ndi kukwirira. Pamtumbira sankalembapo dzina. Ankasiyapo mbale, mphika kapena chikho chimene malemu ankagwiritsa ntchito, atachiboola pansi kuti wina asachitole. M'manda akale a m'dera lino mbale zadzimbiri zoterezi zikuonekabe pansi pa masamba, ndipo amene ankadziwa kuti apa pagona uje anali achikulire a pabanjapo ndi adzukuluwo. Mitengo ya kumanda sidulidwa wamba. N'chifukwa chake munthu woyenda kuchokera ku Mponela kupita kumtsinje wa Bua amaona timisitu tobiriwira pakati pa minda ya fodya ndi chimanga yopanda mtengo: ambiri mwa timisituto ndi manda.

Chikhulupiriro chinali chakuti mzimu wa munthu sukhazikika tsiku loikidwa. Umakhala ukuyendayenda pafupi ndi mudzi, ndipo ukapanda kuperekezedwa bwino ukhoza kuvutitsa otsala m'maloto ndi m'matenda. Patapita masiku ochepa chiikireni, abale ankameta koyamba. Kuchokera apo namfedwa ankakhala m'nyengo yodziletsa: wosadzola, wosavala zokongola, ndipo a pabanja ankadika, kuopa mdulo. Nyengoyi inkatha ndi kumeta kwachiwiri, kumene kunkachitika pakatha miyezi ingapo kapena chaka, makamaka anthu atakolola, chimera chilipo.

Pa kumeta kwachiwiri ndi pamene panali chikumbutso chenicheni. Amayi ankafulula mowa wa bona, abale akutali ankabwera, ndipo ngati malemu anali wolowa kumzinda, zilombo za Gule Wamkulu zinkatuluka kudambwe kudzamperekeza. Kasiyamaliro ankafika usiku kapena mbandakucha, ndipo pa mfumu kapena mkulu wa mzinda pankatuluka zilombo zikuluzikulu monga Njovu. Pamsonkhano umenewu ndi pamene moyo wa munthu unkaunikidwa wonse. Amene anali naye ngongole ankanena, amene malemu anamkongoza ankaulula, katundu ankagawidwa, ndipo mkamwini kapena mtengwa woferedwa ankasudzulidwa kuti akhoza kubwerera kwawo kapena kukwatiranso. Kawirikawiri nyumba ya malemu inkagwetsedwa. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ntchito yake yaikulu kumudzi ndi imeneyi pamodzi ndi chinamwali ndi kulonga ufumu. Kusangalatsa alendo pamisonkhano n'kwapambuyo.

Njira ina, imene mwina ndiyo yolimba kuposa zonse, inali dzina. Mwana akabadwa m'mbumba imene mwachitika zovuta, ankapatsidwa dzina la malemu, ndipo khanda likamalira usiku wonse popanda matenda ooneka, agogo ankati wina wa kumizimu akufuna dzina lake. Mwana wotere ankakula akumva za mwini dzina: mmene ankalimira, mkwiyo wake, nyimbo imene ankaikonda. Amayi ake enieni ankatha kumuitana kuti "malume" kapena "agogo". Maina a ufumu monga Chakhaza, Dzoole, Kayembe, Msakambewa, Kalumo ndi Nthondo akuyenda m'njira yomweyi: munthu amapita, dzina limalowedwa.

Kusintha kunayamba ndi amishoni. A Dutch Reformed Church, otsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikika ku Mvera mu 1889, kenaka ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896. Akatolika anatsegula Nambuma mu 1928, ndipo pambuyo pake parishi ya Madisi ndi chipatala chake. Mipingo yonse iwiri inakana Nyau, ndipo mkangano waukulu unkabuka pamaliro penipeni, chifukwa m'banja limodzi munkapezeka Akhristu ndi a kudambwe, aliyense akufuna kuperekeza mbale wake m'njira yake. Ku mpingo wa Nkhoma, Mkhristu wofulula kapena kumwa mowa wa bona ankaikidwa pa chilango. Mabala a mikangano imeneyi sanapoleretu, ngakhale masiku ano mafumu ndi akulu a mpingo amakambirana mwamtendere kuti mwambo uyendetsedwe ndi mbali imene malemu anali.

Komabe mishoni inabweretsa chinthu chimene kunalibe: kulemba. Kale zaka za munthu zinkadziwika ndi zochitika. Ankati uje anabadwa chaka cha fuluwenza, imene inasesa anthu mu 1918 ndi 1919, kapena anamwalira pa njala ya 1949. Kaundula wa ubatizo ndi mtanda wa thabwa wolembedwa ndi penti zinayamba kusunga dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. Bokosi linalowa m'malo mwa mphasa, nyimbo za m'buku ndi ulaliki zinalowa pasiwa, ndipo amayi a Chigwirizano ovala zoyera anakhala nsanamira ya maliro a Chikhristu. Kwa Akatolika ntchito yomweyi inadzagwera miphakati, imene inafala m'dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Episkopi Patrick Kalilombe. Kunatulukanso mlembi amene anaonetsa kuti moyo wa munthu wa kumudzi ukhoza kudzaza buku. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi, imene inatuluka mu 1949. Anachita kufunsa anthu amene ankaidziwa mfumuyo, iwo asanathe. Ndi zachisoni kuti olemba otsatira phazi lake akhala ochepa.

Ulendo wa kunja unabweretsa vuto latsopano, la imfa yopanda mtembo. Amuna ambiri a ku Dowa ndi Ntchisi ankapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi kumigodi ya ku Joni, ena kudzera ku WENELA, mpaka boma linaimitsa kulemba anthu ntchitoyi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70. Munthu akafera kumeneko, kumudzi kunkafika kalata kapena telegalamu kudzera kwa DC, ndipo nthawi zina sutikesi ya zovala inkabwera ndi mnzake patapita miyezi. Abale ankakhala pasiwa, kulira ndi kumeta ngati kuti thupi lilipo. Za machona, amene sankamveka n'komwe, mabanja ankangodikira, osadziwa ngati amete kapena ayi. Kuchilendoko Amalawi anayambitsa timabungwe tothandizana pamaliro, ndipo magulu a pa WhatsApp a Amalawi a ku Johannesburg ndi Cape Town, amene lero amasonkha ndalama zonyamulira thupi pagalimoto mpaka ku Madisi, akupitiriza ntchito yomweyo.

Wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inafupikitsa mtunda ndi pulogalamu ya mauthenga achisoni. Mabanja ankatchera khutu kumva dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo ambiri anamvera pamenepo za imfa ya mbale wawo. A m'tauni anayambanso kuika zithunzi za okondedwa awo m'nyuzipepala pa tsiku lokumbukira.

Palibe chimene chinagwedeza mwambowu ngati Edzi. Matendawa anapezeka m'Malawi mu 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 masamba oikidwa pamsewu posonyeza maliro ankaoneka pafupipafupi moti adzukulu ankachoka kumanda ena kupita kumanda ena. Mudzi sukanatha kukhala pasiwa masiku ambiri pa munthu aliyense, choncho kumeta koyamba kunasendezedwa kufika m'mawa wa tsiku lotsatira, ndipo m'mabanja ambiri lumo linasiyidwa, kunangotsala dzina la mwambo ndi kusesa. Amisiri a mabokosi anachuluka m'misika ya m'mbali mwa msewu. Choipitsitsa chinali manyazi. Anthu ambiri a zaka za pakati, aphunzitsi, alimi a fodya, amayi a ana aang'ono, anaikidwa ndi mawu ochepa akuti anadwala nthawi yaitali, ndipo ana awo anakula osauzidwa zambiri za makolo awo. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004 imfa zinachepa, koma mbadwo umenewo ndiwo wokumbukiridwa moperewera kuposa ina yonse.

Mbiri ya malemu imene imawerengedwa masiku ano ili ndi kalembedwe kokhazikika. Imalembedwa usiku wa pasiwa, papepala long'amba m'kope, ndi mdzukulu kapena mphwake wa malemu amene anapitako kusukulu, akuunikira ndi tochi ya foni, azakhali ndi amalume akutsutsana za chaka chobadwa. Imanena kumene munthu anabadwira, sukulu, ubatizo, ukwati, ntchito, chiwerengero cha ana amoyo ndi otsogola, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, kenaka matenda ndi chipatala chimene anatsirizikira. Imawerengedwa thupi lisananyamuke, pakati pa mawu a mwini mbumba, a mfumu ndi a mpingo, ndipo pambuyo pake mlembi wa chipepeso amalengeza zimene midzi, mipingo ndi magulu apereka. Mbiriyi ndi yaulemu, koma ndi yowonda. Munthu amene anakumba chitsime chimene mudzi wonse ukumwa, kapena mayi amene anabereketsa theka la ana a m'mudzimo, amatha m'mizere khumi yofanana ndi ya wina aliyense. Moyo wake weniweni umakambidwa kwina: pamoto wa abambo kunja, m'nyumba mmene amayi akhala pamphasa mozungulira bokosi, ndi m'nthabwala za adzukulu, amene mwambo umawalola kutsanzira kayendedwe ndi kayankhulidwe ka malemu mpaka anamfedwa kumwetulira. Zimenezi palibe amazilemba, ndipo ngakhale pepala la mbiri lija kawirikawiri limasowa maliro akangotha.

Kusonkhana kwachiwiri sikunafe. Kunasamukira ku chiliza. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka Novembala, ndalama za fodya, soya ndi mtedza zitalowa ndipo mvula isanagwe, mabanja amapempha chilolezo kwa mfumu, adzukulu amalambula kumanda, amisiri amamanga. Pa tsikulo chiliza chimaphimbidwa ndi nsalu yoyera, abusa kapena akulu a mpingo amapemphera, nsalu imavundukulidwa, mawu olembedwapo amawerengedwa mokweza, ndipo abale amayala nkhata motsatana ndi ubale wawo. Kumene malemu anali wa kumzinda, Gule amavina monga kale pa bona. Akatolika ali ndi tsiku lawo la 2 Novembala, lopempherera mizimu ya omwalira onse, ndipo mwezi umenewo ambiri amakayendera manda a abale awo. Ziliza zayenda kuchokera pa njerwa ndi simenti kufika pa matailosi ndi mwala wosema wogula ku Lilongwe, ndipo zabwera ndi nsalu yofanana ya banja lonse, malaya osindikizidwa nkhope ya malemu, mbuzi ndi ng'ombe. Apa pali chodandaulitsa. Mabanja ena amagulitsa chimanga cha chaka chonse kuti asanyozeke, ndipo zimachitika kuti ana a malemu akukhala pakhomo chifukwa chosowa fizi pamene manda a bambo awo akunyezimira. Ubwino wake ndi wakuti tsikuli limabweza kumudzi ana a ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Joni, ndipo milandu ya minda ndi ya ana amasiye imakambidwa onse alipo.

Mliri wa Covid-19, umene unafika m'Malawi mu Epulo 2020 ndi kukula kwambiri mu Januwale 2021, unachititsa boma kuchepetsa chiwerengero cha anthu pamisonkhano, maliro omwe. Ena anaikidwa mofulumira ndi azaumoyo, abale ataima patali, popanda kuona nkhope. Kwa anthu amene amati maliro n'kulirana, zimenezi zinali zowawa kwambiri, ndipo mabanja ambiri anadzalira mokwanira pa tsiku la chiliza. Nyengo yomweyo inakhazikitsa foni pakati pa mwambo. Uthenga umafika pa WhatsApp ndi pa Facebook, nthawi zina mwatsoka mfumu ndi mwini mbumba asanamve, chipepeso chimatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo wachibale wa kunja amaonera mwambo wa kumanda pa kanema wa foni.

Boma nalo lili ndi kaundula wake. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti imfa iliyonse ilembedwe ku National Registration Bureau. Yochitikira kuchipatala imalembedwa komweko, yochitikira kumudzi imadzera kwa mfumu mpaka ku ofesi ya DC ku Dowa kapena ku Ntchisi. Chiphaso cha imfa chimasunga dzina, tsiku ndi malo, ndipo chimafunika potsata penshoni, ndalama za kubanki ndi chuma chamasiye, chimene lamulo la 2011 limateteza kwa olanda katundu wa amayi ndi ana oferedwa. Kumidzi mabanja ambiri amakachifuna pokhapokha malemu akasiya ndalama kuntchito kapena kubanki.

Ndine mkulu wako.