Madigiri a pa pulani, masentimita a pa denga

Wojambula pulani ya nyumba amalemba kupendekeka kwa denga m'madigiri: 15, 25, mwina 30. Ife akalipentala tikakwera pakhoma timakhala ndi tepi, levulo, chingwe ndi pensulo kukhutu, ndipo pa zida zonsezi palibe chimene chimawerenga madigiri. N'chifukwa chake ndimati denga lisanadulidwire thabwa ngakhale limodzi, nambala ya pa pulani ija isanduke kaye funso loti tepi ingaliyankhe: ndikayenda mita imodzi chopingasa, denga likwere masentimita angati?

Yankho lili pa kakyuleta, ngakhale ya pafoni, pa batani lolembedwa tan. Madigiri 15 amapereka masentimita 27 pa mita, 20 amapereka 36, 30 amapereka 58, ndipo pa 45 denga limakwera mita pa mita. Taonani kuti nambalazi sizikwera mofanana. Kuchoka pa 15 kufika pa 30 kukwera kwawonjezeka ndi masentimita 31, koma kuchoka pa 30 kufika pa 45 kwawonjezeka ndi 42, choncho woloweza nambala imodzi n'kumangochulukitsa amasokera. Chinanso chimene chimagwetsa anthu ndi mtunda wochulukitsa nawo. Denga la mbali ziwiri limawerengedwa kuchokera pakhoma kufika pakati pa nyumba, ndiye kuti theka la m'lifupi. Nyumba ya mamita 8 m'lifupi, pulani ikati madigiri 25, timatenga mamita 4 n'kuchulukitsa ndi masentimita 46.63, ndipo nsonga ya denga imakhala masentimita 187 pamwamba pa thabwa logona pakhoma. Wotenga mamita onse 8 amanga denga la madigiri 43, matabwa ndi malata n'kuperewera, eni nyumba ali chilili pansi.

Alipo amene amati diso la mmisiri ndi lokwana, poti makolo athu ankakhoma mapaso opanda kakyuleta ndipo nyumba sizinkadontha. Zoonadi sizinkadontha, koma iwo ankafolera ndi udzu, ndipo udzu umafuna denga lotsetsereka kwambiri, madigiri 45 kapena kuposa, kuti madzi atsike asanalowe mkati. Pamenepo diso silivutika, chifukwa kukwera ndi kupingasa n'zofanana, ndipo ukapitirira pang'ono udzu sudandaula. Malata ndi nkhani ina. Masiku ano m'matauni anthu akonda madenga ogona, ena obisika kuseri kwa khoma, ndipo kumeneko ndi kumene diso limanama. Munthu ali pansi sangasiyanitse madigiri 10 ndi 15, chonsecho loyamba likukwera masentimita 18 pa mita pamene linalo likukwera 27. Mvula ya mu Januwale ikabwera ndi mphepo, madzi oyenda pang'onopang'ono pa denga logona amabwerera polumikizana malata n'kudonthera pa siling'i. Komanso matirasi a nyumba imodzi ayenera kufanana ngati mapasa, apo ayi nsonga ya denga imakhotakhota, ndipo kufanana kotere kumachokera pa tepi.

Achinyamata amatsutsa mwa njira ina. Amati foni ili ndi pulogalamu yoyeza madigiri, ungoigoneka pa thabwa basi. Ine sindikana kuti poyesa denga lomangidwa kale imathandiza. Vuto n'lakuti foni imayeza kachigawo kakang'ono kamene yagonapo, ndipo thabwa la paini losauma bwino limapindika, moti pakati likhoza kunena zina, kumapeto zina. Kuphonya digiri imodzi kumaoneka ngati si kanthu, koma pa nyumba ya mamita 8 ija kumasuntha nsonga ndi masentimita pafupifupi 9. Tepi yotambasulidwa mamita anayi singaphonye chotero pokhapokha woigwira akuwodzera. Ndipo amene amaphunzirira pa YouTube asamale ndi amisiri a ku America. Iwo satchula madigiri, amawerenga mainchi okwera pa mainchi 12 opingasa. Akati 4 pa 12 akunena madigiri 18.4, akati 6 pa 12 akunena 26.6, ndiko kukwera theka la mita pa mita. Maganizo ake ndi omwewa amene ndikunena, kungoti muyeso ndi wina.

Nambala ziwirizi, ya kupingasa ndi ya kukwera, zikapezeka, yachitatu imabwera yokha. Pa simenti yosalala jambulani mzere wa mamita 4, kumapeto kwake imikani ndi sikweya mzere wa masentimita 187, kenako kokani chingwe kulumikiza nsonga ziwirizo. Chingwecho chitalika mamita 4.41, ndiwo utali wa thabwa lotsetsereka musanawonjezere gawo lotulukira kunja kwa khoma. Pamalo pomwepo ndi pamene timakhomera tirasi yoyamba, ina yonse n'kutengera pa iyo, ndipo muyeso womwewo ndi umene timapita nawo kogula malata odula motengera oda. Mwini nyumba akasintha maganizo n'kufuna madigiri 30, chingwe chija chifika mamita 4.62, kutanthauza kuti lata lililonse litalike ndi masentimita 21, ndipo ndi bwino amve mtengo wake malata asanadulidwe.