Njira ya ku Joni ndi Makhadi a Ndalama

Midzi ndi yowerengeka kwathu kuno imene iribe mwana wake ku Joni. Makolo athu ankapitako ndi Wenela kukakumba golide, ndipo dzina lija lidatsalira pa depoti ya mabasi mu Blantyre. Lero opita ndi ena: amayi okaoda katundu wa malonda, anyamata ofuna ntchito, agogo okaona zidzukulu, odwala ofuna chipatala. Onsewa amafunsa funso limodzi asananyamuke: kodi ndalama tinyamule bwanji? Ifenso tayenda njira imeneyi pa basi, tsono tifuna kukusimbirani zimene taona.

Kale munthu ankasokerera ndalama m'lamba kapena kuzimanga pa mfundo ya chitenje. Makono ano mabanki amapereka timakhadi ta pulasitiki, tofanana maonekedwe koma tosiyana ntchito. Khadi limene ambiri mwa inu muli nalo ndi lija lotengera ndalama pa makina, lochedwa debit: ilo limatapa m'akaunti yanu yeniyeni, monga munthu wotapa chimanga m'nkhokwe. Lina ndi la ngongole, lochedwa credit: mumadya ndalama za banki, ndipo mukachedwa kubweza, chiongoladzanja chimakwera mwezi ndi mwezi. Lachitatu ndi lolipiriratu, lochedwa prepaid, ndipo ili tiliyerekeze ndi kamba wa pa ulendo. Mupita ku banki ndi pasipoti ndi tikiti, mupereka makwacha, iwo nakuikirani madola kapena marandi m'khadimo. Zimene mwaikamo ndi zomwezo. Zikatha zatha, koma nkhokwe ya kumudzi iri chitsekere.

Basi ikachoka mu Blantyre iwoloka Shire pa Zalewa, nifika pa chipata cha Mwanza. Kutsidya kwake ndi Zobue, m'dziko la Mozambique, kumene anthu amalankhula monga ife tomwe, koma ndalama yao ndi metikali. Apa pomwe tidaona kuti khadi, la mtundu uli wonse, liribe mau. Wogulitsa nthochi salidziwa, mwini chimbudzi cholipira salidziwanso. Amene ali ndi mau ndi anyamata osintha ndalama, ogwira mipukutu m'manja, amene amawerenga msanga kuposa maso a munthu wotopa. Musawapatse ndalama yaikulu.

Kuchokera pamenepo mseu utsikira ku Moatize, dziko la malasha, kufikira ku Tete pa mtsinje wa Zambezi. Ha, kutentha kwa ku Tete! Malambe ali mbuu, mbuzi zabisala pansi pa magalimoto, ndipo madzi akumwa asanduka chuma. Mtsinjewo ndi waukulu kotero kuti Shire wathu aoneka ngati mwana wake, ndipo ndi mwana wakedi, pakuti amakathira m'menemo. Pali milatho iwiri: wakale wolenjekeka pa zingwe, wochedwa Samora Machel, ndi watsopano wa Kassuende umene udatsegulidwa mu 2014. Kenaka mufika pa Cuchamano, muloŵa Zimbabwe pa Nyamapanda, mudzera Mutoko, Harare ndi Masvingo. M'dziko limeneli boma lidatulutsa ndalama yatsopano yochedwa ZiG mu April 2024, koma m'mbali mwa mseu ogulitsa amakonda dola ya ku America, ndipo chenje chimavuta. Wanzeru amanyamula timadola ting'onoting'ono tosang'ambika, pamodzi ndi marandi pang'ono. Ulendo wonse uposa makilomita 1,600, ndipo mpaka muwoloke Limpopo pa Beitbridge, khadi lingogona m'thumba.

Mukafika ku Musina, tauni yoyamba ya South Africa, zinthu zisintha. M'masitolo akuluakulu, pomwetsera mafuta, m'zipatala ndi m'nyumba zogona alendo, ali yense amangogunditsa khadi pa kamakina. Ndipo pa Park Station mu Johannesburg, pamene mabasi ambiri a kwathu amatsitsa anthu, mudzamvetsa chifukwa chake munthu safuna kuyenda ndi mpukutu wa ndalama. Khamu la anthu ndi losaneneka, mlendo amadziwika ndi zikwama zake ndi kuyang'anayang'ana kwake, ndipo otsogolera njira odzipereka okha ndi ambiri kuposa ofunika.

Tsono apa ndi pamene makhadi aja aonetsa kusiyana kwao. Kuba kwa pa makina otulutsa ndalama nkodziwika m'mizinda ya kumeneko, ndipo mabanki omwe amachenjeza anthu. Munthu wovala bwino adzakuyandikirani nati, “Bambo, makinawa ngovuta, ndikuthandizeni.” Aona nambala yanu yachinsinsi, nasinthanitsa khadi lanu ndi lina m'kuphethira kwa diso. Ngati lidali la debit, mbalayo yapeza khomo la nkhokwe yonse: ndalama za feteleza, za sukulu ya ana, za fodya wa chaka chino, ndipo idzatapa tsiku ndi tsiku kufikira mutaimbira banki kuti itseke. Ngati lidali lolipiriratu, yaba kamba yekha. Nzowawa ndithu, koma banja kumudzi lidzalima.

Ubwino wina wa khadi lolipiriratu ndi wakuti mtengo wosinthira umamangika tsiku limene mwaikamo ndalama. Ife a ku Malawi sitifunika kuphunzitsidwa za ichi. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi nichoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Taganizani anthu awiri amene adali pa ulendo sabata imeneyo. Woyamba adagula madola 100 asananyamuke, nalipira K118,000, ndipo madola ake adakhala 100 omwewo. Wachiwiri adadalira khadi la debit, limene limasintha makwacha pa tsiku logula. Katundu yemweyo adamdyera K170,000. Onjezani kuti ndalama zakunja zasoŵa m'dziko mwathu zaka izi, kotero mabanki amaika malire pa zimene khadi la makwacha lingagule kunja. Munthu angathe kukhala ndi chuma m'akaunti, koma kamakina ka mu sitolo ya ku Joni nkumkana pamaso pa anthu. Kusoŵa komweko kumachedwetsanso wofuna kudzaza khadi lolipiriratu. Pitani ku banki masabata angapo tsiku la ulendo lisanafike.

Tisalitamande mopitirira. Khadi limeneli liri ndi timisonkho take: poikamo ndalama, potulutsa pa makina, ndipo ena amadula ngakhale likangokhala miyezi osagwira ntchito. Funsani kalaliki wa banki akuwerengereni zonse, musachite manyazi. Funsaninso ngati angakuikireni marandi enieni, pakuti khadi la madola ku South Africa lisinthitsa ndalama zanu kawiri, makwacha kukhala madola, madola kukhala marandi, ndipo pa kusintha kuli konse pamatsala kanthu. Kamakina kakakufunsani ngati mufuna kulipira m'marandi kapena m'ndalama ina, sankhani marandi. Mtengo umene iko kamapereka pa ndalama inayo kaŵirikaŵiri ngwoipa.

Palinso nkhani ya chikole. Mahotela ndi obwereketsa magalimoto amatsekereza ndalama zina pa khadi kufikira mutachoka, kuopa kuti mungaononge kanthu. Pa khadi la ngongole ichi sichipweteka, chifukwa zotsekedwazo nza banki. Pa lolipiriratu, ndi kamba wanu amene watsekedwa, ndipo masiku angapo angapite asanamasulidwe. Ena mwa obwereketsa magalimoto salilandira nkomwe. Apa pokha ndi pamene khadi la ngongole lipambana. Koma ndani wa ife amapita ku Joni kukabwereka galimoto? Ambiri timagona kwa abale, ndipo timakwera maminibasi, amene kumeneko amati matekisi, momwe ndalama imayenda dzanja ndi dzanja kuchokera kumbuyo kufikira kwa dalaivala. Kwa banja la kumudzi, ngongole yotengedwa m'marandi nkumabwezedwa m'makwacha ndi katundu wolemera, ndipo sitiilimbikitsa.

Chotero ife tikati tibwererenso, tidzaika ndalama zambiri za ulendo m'khadi lolipiriratu, za pa njira tidzazigaŵa m'matumba awiri, ndipo khadi la debit, ngati tilitenga, lidzagona pansi pa chikwama, banki itauzidwa kale kuti tiri kunja. Nambala ya foni yotsekera khadi muilembe pa pepala, ina musiyire a kunyumba. Nambala yachinsinsi yokha musailembe pena pali ponse. Potulutsa ndalama sankhani makina a m'kati mwa banki kapena sitolo yaikulu, masana. Pobwerera, zotsala m'khadi mungathe kuzigulitsanso ku banki, koma idzagula pa mtengo wotsika kuposa umene idakugulitsirani. Nchifukwa chake amayi a malonda amawerengeratu bwino, namalizira marandi ao pa katundu ndi pa malipiro a katunduyo m'basi, kusiya makwacha okwanira msonkho wa pa Mwanza.