Makomo awiri a ku Duomo

Kutatsala milungu itatu kuti tikumane ku Milan, mwana wanga wamkazi anandiimbira foni usiku. Iye anali ku Leeds komwe amagwira ntchito, ine ndili kwathu ku Blantyre. "Ababa, ndili pa intaneti, ndikugula matikiti a ku Duomo. Mukufuna ya m'tchalitchi mokha kapena ndi padenga pomwe? Padengapo mukwera masitepe kapena chikepe? Ndipo munene ola lomwe tikalowe."

Ndinakhala duu kwa kanthawi. Za padenga sizinandidabwitse, poti kumeneko tinkalipira kuyambira kale. Chinandiumitsa pakamwa ndi tikiti yolowera m'tchalitchi, ndiponso kuti ndisankhe lero ola lomwe mtima wanga udzafune kulowa m'nyumba ya Mulungu mwezi wamawa.

Ndinapita ku Italy koyamba mu 1996, ndili ndi zaka 30, kukaphunzira ntchito ya makina osindikizira mabuku kufupi ndi Bergamo. Amene anakulira ku Balaka kapena ku Mangochi akudziwa kuti ansembe ambiri omwe anagwira ntchito kumeneko ankachokera dera limenelo, ndipo njira yanga inadzera mwa iwo. Kumudzi ndinasiya mkazi ndi mwana wa zaka zitatu, yemweyu wa matikitiyu. Foni za m'manja zinali zisanafike kwa anthu ngati ife. Kalata inkatenga milungu, ndipo ikafika ndinkaiwerenga mpaka kuthetheka m'mapindiro.

Loweruka likakwana ndinkakwera sitima ya pamtunda kupita ku Milan, ulendo wa ola limodzi, kenako ya pansi pa nthaka mpaka pa siteshoni yotchedwa Duomo. Ukamakwera masitepe otulukira, tchalitchicho chimayamba kuonekera pang'onopang'ono, nsonga zake poyamba, kenako khoma lonse lotuwa mofiirira ngati mkati mwa chigoba cha nkhono. Ndinkadutsa pabwalo pakati pa nkhunda, n'kukankha chitseko, basi ndalowa. Panalibe wondifunsa chomwe ndadzera. Munthu ankangoyang'ana ngati wavala mwaulemu, mapewa ndi mawondo zili zophimbidwa.

M'katimo munali mdima ndi kuzizira. Zipilala zake zilipo 52, ndipo chilichonse n'chachikulu moti anthu angapo atagwirana manja ndiye angachizungulire, ngati mlambe. Ndinali ndi changa, cha kudzanja lamanja, pomwe ndinkakhala pa benchi mwina ola lathunthu. Sindinganene kuti ndinkapemphera, poti nthawi zambiri mawu analibe. Sindinganenenso kuti ndinkaona malo, poti nditapita kachitatu ndinali nditaona zomwe maso akanatha kuona. Ndinkangokhala. Munthu amene wakhala sabata yonse akulimbana ndi chilankhulo chachilendo amafuna malo oti akhale chete popanda womudabwa, ndipo m'dziko lonse lija malo amenewo ndinawapeza pamenepo. Ndisanatuluke ndinkadzera pa chiboliboli cha mtumwi Bartolomeo, chomwe Marco d'Agrate anasema mu 1562. Mtumwiyo waima wosendedwa, minofu ndi mitsempha zili pamtunda, khungu lake lomwe walikoleka paphewa ngati nsalu. Poyamba ndinkaliyesa chovala. Tsiku lomwe ndinaona kuti kumapeto kwa nsaluyo kuli mapazi, ndinamva tsembwe thupi lonse.

Padenga ndinkakwera mwa apo ndi apo, ndikasunga ma lira okwanira. Ndinkasankha masitepe chifukwa chikepe chinali chodula, ndipo masitepe pafupifupi 250 sanali kanthu kwa ine nthawi imeneyo. Denga la Duomo si lofolera ndi malata kapena matailosi. Ndi miyala yokhayokha yoyalidwa moti munthu amayendapo, pakati pa nsanja zosongoka 135, iliyonse ili ndi woyera wake pansonga. Pamwamba pa zonse, mamita 108 kuchokera pansi, pali chifanizo chagolide cha Amayi Maria chomwe eni mzinda amachitchula mwachikondi kuti Madonnina, ndipo chakhala pamenepo kuyambira 1774. Kukacha bwino, kumpoto kumaoneka mapiri a Alps atavala chipale, Monte Rosa ali poteropo. Chomwe chinkandigwira mtima kwambiri sichinali kutaliko koma pafupi: timaluwa ndi tinkhope tosemedwa kuseri kwa zipilala, m'makona momwe munthu wa pansi sangaone ngakhale atakweza khosi chotani. Wosemayo ankadziwa kuti palibe adzamuyamikire, koma anasalaza ndithu.

Kumeneko n'komwe ndinacheza ndi bambo wina wachikulire wovala ovololo, mmodzi wa amisiri okonza miyala, amene anapirira Chitaliyana changa chothyokathyoka. Anandiuza kuti mwala wonsewo ndi mabo wochokera ku Candoglia, kufupi ndi nyanja ya Maggiore. Ntchito yomanga inayamba mu 1386, ndipo chaka chotsatira Gian Galeazzo Visconti, wolamulira Milan, anapereka phiri la miyalalo ku bungwe lomanga tchalitchi, Veneranda Fabbrica del Duomo, lomwe lilipo mpaka lero. Miyala inkatsika pa ngalawa mumtsinje wa Toce, kudutsa panyanja, kulowa mu Ticino, kenako mungalande ya Naviglio Grande mpaka mumzinda. Pa katundu ameneyo ankalembapo zilembo zitatu, AUF, kusonyeza kuti ndi wa ntchito ya tchalitchi, ndipo okhometsa msonkho m'njira ankamusiya adutse ulere. Anthu a ku Milan amati n'chifukwa chake mpaka pano chinthu chopeza osalipira amati a ufo. Ndinaseka naye tsiku limenelo, poti nanenso ndinkalowa a ufo Loweruka lililonse, ngati mwala wa ku Candoglia.

Koma bamboyo anandionetsanso china. Anapala ndi chala pa duwa lina lamwala, ndipo linanyenyeka ngati shuga. Mabo wa ku Candoglia ndi wokongola koma sapirira mvula, chisanu ndi utsi wa mumzinda. Chiboliboli chikadyeka amachitsitsa, amisiri n'kusema china chofanana nacho ndendende, n'kuchikweza. Pa nyumba yonse pali ziboliboli pafupifupi 3,400. Akamamaliza mbali ino, mbali ina imakhala itayamba kale kufumbwa. Ngakhale kumanga kwenikweniko kunatenga mibadwo: khoma lakumaso linatha Napoleon atalamula, iye atadzavekedwa ufumu wa Italy momwemo mu 1805, ndipo chitseko chomaliza chamkuwa anachikhazikitsa mu 1965, ine ndisanabadwe ndi chaka chimodzi chokha. Ku Milan ntchito ikakhala yosatha amaiyerekeza ndi fabbrica del Duomo.

Ndinabwerera kumudzi mu 1998, ndipo zomwe zinachitika pambuyo pake ndinkangozimva. Lira inatha mu 2002, kunabwera yuro. Ndege zotchipa zinachulukitsa alendo m'mizinda ya ku Ulaya. Zigawenga zitaphulitsa malo angapo, pamakomo a nyumba zotchuka panaima asilikali ndi makina ounika zikwama. Mu 2015 Milan inachititsa chionetsero cha Expo, chomwe chinakoka anthu oposa 20 miliyoni, ndipo cha m'nyengo yomweyo mlendo wodzaona tchalitchi anayamba kugula tikiti. Kenako mu 2020 mliri wa Covid unagunda chigawo cha Lombardy, komwe kuli Milan, koyambirira ndiponso mwankhanza, Duomo n'kutsekedwa. Pa Pasaka wa chaka chimenecho ndinaonera pa foni Andrea Bocelli akuimba m'tchalitchi chopanda munthu, ndipo ndinkayang'ana m'mbali mwa chithunzi kufunafuna chipilala changa. Zitseko zitatsegulidwanso, chizolowezi chogulira tikiti pa intaneti ndi kusankhiratu ola chinakhazikika.

Tsono usiku uja pa foni tinayamba kusankha. Mwanayu ndi wadongosolo, anatengera amayi ake. Anandiwerengera zonse: pali tikiti ya m'tchalitchi, pali ya padenga pokha, pali yophatikiza zonse pamodzi ndi nyumba yosungira zakale yomwe ili ku Palazzo Reale, pafupi pomwepo. Ya chikepe imaposa ya masitepe mtengo, ndipo palinso ina yodula kuposa zonse, yoti usaime pa mzere wautali. Anati agula kwa eni ake a tchalitchi, osati kwa ogulitsa ena a pa intaneti omwe amaonjezapo yawo. Ine ndinapempha chinthu chimodzi: tikiti yathu ikhale yofika pansi pa nthaka. Kunsi kwa bwalo la tchalitchi kuli mabwinja a nyumba yobatiziramo ya San Giovanni alle Fonti, yomwe ili ndi dziwe la ngodya 8. M'menemo ndi momwe episkopi Ambrose anabatiza Augustine pa usiku wa Pasaka mu 387. Augustine anali mwana wa mu Africa, wa ku Thagaste, komwe lero ndi Algeria, ndipo anabwera ku Milan kudzagwira ntchito ya uphunzitsi. M'masiku anga oyamba aja ndinkalimba mtima ndikaganiza kuti munthu wa ku kontinenti yathu anayendapo m'misewu imeneyi ali ndi mtima wosakhazikika ngati wanga.

Pa nkhani ya masitepe sitinamvane msanga. Ine ndinkafuna kukwera ndi miyendo monga kale. "Ababa, bondo lija mwaiwala? Chikepe." Ndinavomera. Ndi bwino wogula adziwe kuti chikepecho sichifika pamwamba penipeni. Chimakutula pa denga lam'munsi, uyende m'mbali mwa tchalitchi, kenako pali masitepe ena opapatiza okafika pa denga lapakati. Wodwala miyendo asaganize kuti tikiti yodula yamuchotsera zonse.

Tsikulo litafika tinaima pa mzere, foni ili m'manja, mlonda n'kuunika kachizindikiro ka pa foniyo, wina n'kuunika chikwama. Zonse zinayenda bwino, ndipo antchito anali aulemu. Padenga ndinapeza nsanja zingapo zitakutidwa ndi zitsulo za amisiri monga kale, ndipo mtima unakhala pansi. Mzinda ndiwo unasintha. Kumpoto, komwe ndinkangodziwa nsanja ya Pirelli, tsopano kwamera nyumba zagalasi za ku Porta Nuova. Anthu anali ambiri, aliyense foni m'mwamba. Mwana wanga anaima nthawi yaitali pa kankhope kena kobisika kuseri kwa chipilala, osajambula, ndipo ndinadziwa kuti waona chomwe ndinkafuna aone.

Ndalama ya tikiti sindinaidandaule ngakhale pang'ono. Ndinaliona duwa lija likunyenyeka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi la miyala. Kuyambira pachiyambi tchalitchichi chinamangidwa ndi zopereka za anthu wamba, ena ndalama, ena zovala ndi katundu woti agulitse, ena thukuta lawo, monga momwe kwathu akhristu amaumbira njerwa za tchalitchi chawo. Ngati anthu mamiliyoni akupondapo chaka chilichonse, n'chilungamo kuti aliyense asiyepo kanthu ka wosema miyala. Ndiponso wofuna kupemphera sanatsekeredwe kunja. Pali khomo lake lapadera, laulere, lolowera ku Misa, ku kulapa ndi ku mapemphero.

Komabe pamenepo m'pomwe pakundiwawa, ndipo ndalephera kupachotsa mumtima. Makomo awiriwo amafuna kuti munthu adziwe chomwe iye ali asanalowe: wopemphera alowere uku, woona malo alowere uko. Nanga mnyamata uja wa 1996 akanalowera kuti? Tikiti ya Loweruka lililonse sakanaikwanitsa. Pa khomo la opemphera akanachita manyazi, poti ankadziwa kuti sakupita ku Misa ndipo sakanafuna kunama pakhomo la tchalitchi. Ndikuganiza kuti akanakhala panja pa masitepe, pamodzi ndi nkhunda. Anthu otere alipo ambiri mu Milan lero kuposa nthawi yanga. Ndinawaona pabwalopo, anyamata a ku Senegal, a ku Bangladesh, amayi a ku Philippines ndi ku Peru omwe amasamala nkhalamba za eni dziko. Ena mwa iwo si akhristu n'komwe. Kale chitseko chinkangokankhidwa, ndipo munthu ankatha kulowa chifukwa kunja kukugwa mvula, n'kutuluka atapepukidwa ndi chinthu chomwe sanadziwe kuti chikumulemera.

Tsiku la matikitilo sindinakhale pa benchi yanga. Tinatsika padenga titatopa, m'tchalitchi muli khamu, ndipo tinali tisanapite pansi kwa Augustine. Choncho m'mawa mwake ndinadzuka kusanache bwino kuti ndipite ndekha, koma ndinapeza mwanayu wavala kale, mpango uli paphewa. Tinafika alendo a matikiti asanayambe kulowa. Pa khomo la opemphera mlonda anatiyang'ana, ine n'kunena kuti Messa, iye n'kugwedeza mutu. Ulendo uno sikunali kunama. Misa ya kumeneko imatsata mwambo wa Ambrose, wosiyana pang'ono ndi womwe tinazolowera kwathu, moti mwana wanga anadabwa kuona anthu akupatsana moni wa mtendere zopereka zisanapite ku guwa. Tinali anthu ochepa, ambiri okalamba, ena atanyamula zikwama za ku ntchito.

Misa itatha anandinong'oneza: "Ababa, ndi pano pomwe munkakhala?"

Ndinamulozera kutsidya kwa chingwe chomwe chimalekanitsa mbali ya opemphera ndi ya alendo, chipilala cha kudzanja lamanja. "Ndi apo. Kalata za amayi ako ndinkawerengera apo. Ina munali chithunzi chako utavala diresi yachikasu."

Anayang'ana chipilalacho nthawi yaitali. Kenako anandigwira dzanja, tinakhalanso pansi pa benchi yomwe tinali, mpaka kuseri kwa chingwe kunayamba kumveka mapazi a anthu a ola loyamba.