Tirela Imafera pa Yadi, Manenekela Amangoika Maliro

Yendani mu Kanyama mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osaleka, mulowe tinjira tochoka mu Los Angeles Road. Anthu akudumpha pa mabuloko oikidwa m'madzi, ena nsapato zili kumanja. Manje suzumirani m'mayadi. Kuseri kwa nyumba mudzaiona tirela itaima m'madzi mpaka pakati pa wilo, pamwamba ayanikapo mayunifomu a ana, pansi abakha akusambira. Mwini wake alibe nayo nkhawa. Ati ni chitsulo chabe, chitsulo sichidwala.

Kanyama anakhala pa thanthwe la laimu ndipo madzi apansi ali pafupi maningi, ndiye mvula ikagwa madzi alibe kolowera, amakhala masabata. Mbali zina za Chawama ndi George nazonso zimaidziwa nkhaniyi. Tsoka lake, Loweruka lomaliza la Febuluwale yemweyo ndi Nc'wala ku Mtenguleni, kwa Mpezeni. Tirela ija imazulidwa m'matope Lachinayi, n'kukolekedwa kumbuyo kwa Noah kapena Hiace, n'kupatsidwa makilomita pafupifupi 570 a Great East Road mpaka ku Chipata. Ikakagona ndi wilo limodzi m'phiri, anthu amati msewu ndi woipa, ena amati kumudzi kuli wina sanafune kuti mufike. Koma matenda anayambira pa yadi, ndipo mukanawagwira ndi jeke ndi sipana musananyamuke.

Yambani ndi mabering'i, chifukwa ndiwo amamwa madzi aja. Kwezani wilo ndi jeke, ligwireni pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamachita gwedegwede, pali vuto. Lizunguzeni ndi dzanja, mutchere khutu. Likamalira ngati muli mchenga, bering'i yatha. Chotsani kachivundikiro ka pakati muone girisi. Girisi yabwino ndi yosalala. Ikaoneka yotuwa ngati yathiridwa mkaka, kapena yofiira ndi dzimbiri, madzi analowa. Apo osangopaka yatsopano pamwamba pa yakale. Tulutsani zonse, tsukani ndi parafini, ziume, muikemo girisi yatsopano ndi silu yatsopano. Nati yapakati musaimange ngati mukumanga geti la kubanki: imangeni, kenako muibwezeko pang'ono kuti wilo lizizungulira momasuka koma osagwedera. Kapini kotseka natiyo kakhale katsopano. Msomali wokhotetsa, umene ambiri amaikapo, ndi umene umalola wilo kukupitirirani pa msewu muli kuliyang'ana.

Kuchoka apo pitani nayo ku Kalingalinga. Mu Alick Nkhata Road, kulowera ku Mtendere, mageti, mafelemu a zitseko ndi mashelefu zandandalikidwa m'mbali mwa msewu, moto wa owotcherera ukuthetheka kuyambira m'mawa. Matirela ambiri a mu komboni anabadwira pamalo ngati amenewa: ekiselo yochotsa ku motoka yakufa, masipuling'i a vani yakale, thupi la zitsulo zatsopano. Anyamatawa ntchito amaidziwa, koma inu muwauze poyang'ana. Aone pamene chitsulo chokokera chimalumikizana ndi thupi la tirela. Kamzere ka dzimbiri kowongoka pambali pa chowotcherera nthawi zambiri ndi mng'alu umene wabisala pansi pa penti. Aonenso mabauti ogwira ekiselo ku masipuling'i, ndi sipuling'i iliyonse ngati palibe tsamba lothyoka. Kuwotcherera mng'alu pa Kalingalinga ndi ndalama ya lanchi. Kuitana wowotcherera ndi jenereta yake kuti akupezeni kutchire kupitirira Rufunsa, mudzagulitsa foni.

Matayala a tirela ali ndi bodza lawo. Chifukwa sayenda tsiku ndi tsiku, mapazi ake amaoneka atsopano, pamene mphira wapsa ndi dzuwa la Okutobala zaka zingapo. Yang'anani m'mbali mwa tayala ngati muli timing'alu. Futi tayala lililonse lili ndi tsiku lobadwa: manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Mukaona 3518, ndiye linapangidwa sabata ya 35 mu 2018. Likapitirira zaka zisanu ndi chimodzi, olo lioneke bwanji, musalikhulupirire pa ulendo wautali, makamaka la salaula limene simudziwa kumene linagona. Pompani m'mawa matayala ali ozizira. Ndipo yesani sipeya musananyamuke, muone ngati mabowo ake akugwirizana ndi a tirela. Sipeya ya Noah nthawi zambiri siilowa pa ekiselo yochokera ku motoka ina, ndipo ambiri amazindikira zimenezi ali kale pa Kacholola.

Za malaiti musathamangire kugula mababu. Mukaponda buleki n'kuona indiketa ikuyaka, kapena malaiti onse akuphethira mofooka pamodzi, kawirikawiri ndi waya wa earth umene wachita dzimbiri pamene unamangidwa ku chitsulo. Masulani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani futi. Tsukaninso timano ta pulagi. Imikani mwana kumbuyo azikuuzani chimene chayaka. Tirela ndi motoka payokha pamaso pa RTSA: ifunika nambala yake ndi mapepala ake, zonyezimira zofiira kumbuyo, ndipo matirayango awiri akhale pafupi. Pa rodibuloko mudala wa yunifomu amayamba kuzungulira kumbuyo asanakupatseni moni.

Manje kupakira. Apa ndi pamene achibale amalowerera, aliyense ndi kathumba kake kopita kwa ambuya. Lamulo ndi limodzi: zolemera pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono. Pa magawo khumi a katundu, asanu ndi limodzi akhale kutsogolo kwa mawilo. Simenti ikakhala kumchira, mphuno ya tirela imapepuka, ndipo mukangofika pa liwiro imayamba kuvina uku ndi uku mpaka kugwedeza motoka yonse. Malata otulukira kumbuyo amachita chimodzimodzi, ndiye amangeni zolimba ndi kansalu kofiira kumapeto. Tirela yaing'ono yopanda mabuleki akeake siyenera kupitirira makilogalamu 750, kuwerengera ndi kulemera kwa iyo yomwe. Matumba 15 a 50 kg afika kale pa 750 tirela isanawerengedwe. Ndipo munthu sakwera mu tirela, olo akhale mlamu amene wachedwa kulipira mpando.

Pokoleka, mverani kuti chakhala bwino pa mpira wa towbar, mutseke ndi pini, kenako yesani kunyamula mphuno ndi manja muone ngati siichoka. Matcheni awiri apingasane pansi pake, kuti ikadumpha igwere pa matcheni osati pa tara. Chingwe cha nayiloni si tcheni.

Mukatuluka mu Lusaka, kupitirira Chelstone ndi mphambano ya ku eyapoti, imani pa Chongwe, makilomita ngati 45. Pamene ena akugula madzi, inu zungulirani. Ikani kuseri kwa dzanja pafupi ndi pakati pa wilo lililonse. Kufunda pang'ono n'kwabwino. Kukatentha koti simungagwire, kapena mbali imodzi ikatentha kuposa inzake, musapitirire, chifukwa apa mukadali pafupi ndi masipeya. Mangitsaninso manati a mawilo ndi zingwe za katundu, zimamasuka m'makilomita oyamba.

Kupitirira Rufunsa dziko limasintha. Nyumba zimachepa, mapiri amayandikira, netiweki imabwera n'kupita. Apa ndi pa Manenekela, pamene msewu umakhotakhota m'mbali mwa phiri, phompho lili pambali, mathiraki akukwawa ndi utsi. Malo ndi okongola zoona, mitengo ili biriwiri nthawi ya mvula, koma woyendetsa asayang'ane. Tirela yopanda mabuleki imakankha motoka potsika. Lowani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, injini igwire, buleki muziponda pang'onopang'ono n'kusiya. Mukaigonera mpaka pansi imatentha, mudzamva fungo, kenako phazi lidzangolowa. Tirela ikayamba kuvina, musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero. Chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro litsike lokha. Ikakhazikika, imani pamalo oonekera musunthire katundu kutsogolo.

Mukatsikira pa Luangwa Bridge, makilomita oposa 200 kuchoka mu tauni, mwapuma. Mlathowu unatsegulidwa mu 1968, ndipo musanauwoloke pali msika wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Gulani nsomba, koma gwiraninso mawilo. Kutsogolo kukadali zitunda za Kacholola, nthochi za pa Nyimba, kenako Petauke, Sinda, Katete. M'kabokosi kanu mukhale mabering'i a sipeya opaka kale girisi, mapini, sipana yokwana nati yapakati, jeke imene imalowa pansi pa tirela yodzaza, tochi ndi kathabwa koika pansi pa jeke m'matope. Zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa kukokedwa.

Ulendo wobwerera ndiwo wolemera, makamaka mu Ogasiti pochoka ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, pamene nkhokwe zili zodzaza. Amayi adzati tengani chimanga, azakhali nshawa, ambuya kandolo ndi maungu, ndipo kukana n'kovuta. Werengani matumba mokweza pamaso pawo, otsala abwere pa basi.

Mukafika mu komboni, musaiponye pomwe munaichotsa. Itsukeni pansi, ikwezeni pa mabuloko kuti mawilo asagunde dothi, phimbani matayala ndi masaka, pulagi muimange m'kapulasitiki, mphuno ikhale yokwera kuti madzi a mvula azitsika. Ngati yadi yanu imasefukira, pemphani malo kwa wachibale wa ku Matero kapena kumene kuli kouma, olo mumulipire kathumba ka nshawa. Ndipo ba neba akabwera usiku ati pachitika maliro kum'mawa, tibwerekeniko tirela, muwapatse ndi mtima umodzi, mukudziwa kuti girisi munaika ndinu.